Mutu 11: Mkono Wothyoka ndi Mlandu Umene Umawola

Kwathu timati mlandu suwola. Ashona, amene abale athu akhala nawo limodzi ku Zimbabwe kwa zaka zoposa 100, ali ndi mawu omwewo m'chinenero chawo: amati mhosva hairovi. Ukalakwira munthu lero, ngakhale papite zaka 20, tsiku lina mudzakumana pansi pa mtengo wa mfumu, ndipo mbuzi idzatuluka m'khola. Pabwalo la mfumu mwambiwu ndi woona. Kukhoti la boma ndi wabodza. Kumeneko mlandu umawola ngati tomato wa pamsika, ndipo tsiku lake lowolera linalembedwa kale m'buku la malamulo.

Tiyang'ane nkhaniyi tili ku Chitungwiza, tauni imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kuchokera ku Harare. Inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza malokeshoni a St Mary's, Zengeza ndi Seke, ndipo kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 370,000. Ena mwa iwo ndi zidzukulu za machona, amuna amene anachoka ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete kukafuna ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale a Rhodesia, osabwereranso kwawo. Atsamunda anamanga malokeshoniwa kuti antchito azigonako basi, ntchito ili ku Harare. Mpaka lero tambala akamalira, anthu amakhala ali kale pamzere wa minibasi, zimene kumeneko amati makombi, kuti atsike ndi msewu wa Seke Road. Otsala m'tauni amawotcherera zitsulo, kupala matabwa, kuumba zidina, kugulitsa ndiwo ku Chikwanha ndi ku Makoni, kapena kupopa madzi pamjigo, pakuti mipopi ya ku Chitungwiza imauma kawirikawiri. Ndi tauni yodyera mikono.

Mu July 2025 lole yaikulu inaphwanya kombi pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Manyame pamsewu womwewu, ndipo anthu 17 anafa. Dziko lonse linamva. Koma mikono imene imathyoka pamsewu umenewu mwezi ndi mwezi silengezedwa pawailesi. Mwini wake amapita ku Chitungwiza Central Hospital, amamuika chikhakha, abale amathokoza Mulungu kuti moyo ulipo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zimene zili mkati mwa chikhakha

Kuti timvetse chifukwa chake kufulumira kulandira ndalama kumapweteketsa, tiyambe taona mkonowo. Kuchokera paphewa kufika pachigongono pali fupa limodzi. Kuchokera pachigongono kufika padzanja alipo awiri, amene amapingasana tikamatembenuza dzanja, monga potsegula chitseko kapena pofinya chovala. Fupa likathyoka bwino, osaphwanyika, limalumikizana pakatha masabata pafupifupi 6, ndipo la mwana limafulumirapo. Vuto lalikulu silikhala fupa ayi. Limakhala mitsempha imene imanyamula uthenga kuchokera ku ubongo kupita ku zala.

Umodzi mwa mitsemphayi, umene madokotala amautcha radial nerve, umadutsa mokulunga fupa la m'mwamba lija. Fupalo likathyoka pakati, mtsemphawo ukhoza kupanikizika kapena kuduka. Munthu amachotsa chikhakha, fupa lalumikizana bwinobwino, koma dzanja lili lende, silidzuka. Nthawi zambiri mphamvu imabwerera yokha, koma mwapang'onopang'ono, pakuti mtsempha wotere umaphuka pafupifupi milimita imodzi patsiku. Mungathe kuwerengera nokha miyezi. Nthawi zina siibwerera.

Palinso ngozi ina imene imachitika munthu atafika kale kuchipatala. Mkono wovulala umatupa. Chikhakha kapena bandeji ikathina kwambiri, magazi amalephera kuyenda, ndipo pakangopita maola ochepa minofu imayamba kufa. Zizindikiro zake ndi ululu woopsa wosamva mankhwala, umene umanyanya wina akawongola zala za wodwalayo, ndiponso dzanzi. Zikanyalanyazidwa, zala zimapindika ngati zikhadabo za kabawi ndipo siziwongokanso. Dokotala wa ku Germany, Richard von Volkmann, anafotokoza za kupuwala kumeneku mu 1881, ndipo mpaka lero kumatchedwa ndi dzina lake. Kumakonda kugwira ana amene athyoka pamwamba pang'ono pa chigongono. Mwana akamalira usiku wonse ali m'chikhakha, musamuuze kuti alimbe mtima ngati mwamuna, bwererani naye.

Choncho pa sabata yoyamba palibe amene angadziwe mtengo weniweni wa kuvulalako, ngakhale dokotala amene. Musaiwale mfundo imeneyi, tikumana nayonso.

Kusasamala n'kutani pamaso pa woweruza

Malamulo a ku Zimbabwe pa nkhani zotere si ofanana ndi a ku Malawi kapena ku Zambia. Ife tinatengera a ku England. Iwo anatengera a ku Cape, monga mmene analili pa 10 June 1891, ndipo a ku Cape anabwera ndi Adatchi, amenenso anawatenga kwa Aroma. Muzu wake ndi lamulo lina la ku Rome lotchedwa lex Aquilia, lazaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe, limene poyamba linkanena za munthu wopha kapolo kapena chiweto cha mnzake. N'zoseketsa pang'ono kuti mayi wa ku Zengeza wothyoka mkono m'kombi amaimira pa lamulo limene linayambira pa ng'ombe za Aroma, koma ndi mmene zilili.

Wosuma ayenera kuonetsa kuti mnzakeyo anachita chinthu, kapena analeka kuchita chimene anayenera kuchita. Kuti kutero kunali kulakwa ndi kusasamala. Ndiponso kuti kuvulalako kunachokera pomwepo, osati kwina. Muyezo wa kusasamala umene makhoti a ku Zimbabwe amatsata unafotokozedwa bwino pa mlandu wa ku South Africa wa mu 1966, wa Kruger ndi Coetzee. Galimoto inawomba hatchi imene inatulukira pageti losiyidwa chitsegukire n'kulowa mumsewu. Woweruza Holmes anati funso ndi ili: kodi munthu wanzeru zake, atakhala pamalo pa woimbidwa mlanduyo, akanaoneratu kuti pangachitike ngozi? Ndipo akanachitapo kanthu kuti aipewe? Nanga woimbidwa mlanduyo anachita zimenezo? Mwini hatchi anapambana, chifukwa getilo linkasiyidwa chitsegukire ndi anthu ena, iye anali atadandaula kale kwa oyenera, ndipo wosumayo sanaonetse china chimene akanachita. Kuvulala pakokha si mlandu. Pafunika chala choloza pamene mnzakoyo anaphonya.

Pamsewu chalacho sichivuta kuloza: kupitirira galimoto ina pamalo osaoneka kutsogolo, kuthamanga polimbirana okwera, kunyamuka munthu asanatsike bwino, matayala osalala ngati chipumi. Ndipo mlandu sukhala wa dalaivala yekha. Ngati anali pantchito ya bwana wake, mwini kombi nayenso amausenza, ngakhale pa nthawiyo anali kunyumba akumwa tiyi. Izi n'zofunika, pakuti dalaivala nthawi zambiri alibe kanthu kupatula foni ndi jekete.

Nanga wovulalayo akakhala kuti nayenso analakwako? M'kombi yodzaza anthu anayi pampando, wokhala kuwindo amatulutsa chigongono panja kuti apeze popumira. Lole ikadutsa moyandikira, chigongonocho chimaphwanyika zoopsa, ndipo madokotala a mafupa amakudziwa bwino kuvulala kumeneku. Kale munthu wotere akanabwerera chimanjamanja. Lero lamulo lotchedwa Damages (Apportionment and Assessment) Act limalola khoti kugawa kulakwako. Mwachitsanzo, likapeza kuti chipukuta misozi chonse ndi madola 10,000 koma wovulalayo ali ndi gawo la 20 pa 100 la kulakwa, amalandira 8,000. Mwini galimoto akakuuzani kuti "munatulutsa nokha mkono, palibe mlandu apa", dziwani kuti wanena theka la choonadi.

Pepani wa pachipatala

Nthawi zambiri nkhani imayenda chonchi. Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato, wathyoka mkono wamanja kombi itagubuduzika. Tsiku lachitatu mwini kombi akufika kuwodi ndi jumbo ya malalanje ndi botolo la Mazoe. Si munthu woipa, mwinanso amapemphera mpingo umodzi. Akugwada pambali pa bedi, akulankhula ndi mlongo wake wa mayiyo, amene ndiye mwini mbumba.

"Malume, ngozi siona nkhope. Tisapititsane kutali, ndife anthu amodzi. Zakuchipatala zonse ndilipira ine, ndipo nayi kangachepe ka sopo."

"Mwachita bwino kubwera, bambo. Ena akanathawa."

"Kungoti mungosainako apa, kuti mawa tisadzakangane."

Amalume aja akuona ulemu, akuona ndalama zapamanja pamene kunyumba kulibe ufa, akuonanso kuti kukana kungaoneke ngati kufuna kulemera ndi tsoka. Akuuza mlongo wawo kuti adinde chala. Pakapepalako palembedwa m'Chingerezi kuti ndalamazo ndi malipiro onse ndi otsiriza. Patatha miyezi 4 chikhakha chinachoka kalekale, koma dzanja silidzuka, mayiyo sangathe kunyamula dengu kapena kumanga mwana kumsana, ndipo mwini kombi sakuyankhanso foni.

Sindikunyoza kukambirana pachibale. Milandu yambiri imatha choncho, ndipo ngakhale maloya amakonda kugwirizana kunja kwa khoti chifukwa khoti limadya nthawi ndi ndalama. Cholakwika ndi nthawi yake ndi mawu ake. Kulandira thandizo la kuchipatala sikutseka mlandu. Kusaina kuti zonse zatha ndiko kumatseka. Ndipo malamulo a ku Zimbabwe amati pa ngozi imodzi umasuma kamodzi kokha: zimene wataya kale ndi zimene udzataye m'tsogolo, zonse zilowe m'chisamani chimodzi. Sungabwererenso chaka chamawa kuti dzanja lafota. Amalume anzeru akanalandira malalanjewo ndi manja awiri, n'kupempha kuti mwini kombi alembe yekha papepala kuti galimoto ndi yake, dalaivala ndi wake, ndipo akuvomera kulipira. Pepala lotero ndi la mtengo wapatali kuposa sopo uja, chifukwa munthu akavomera ngongole, nthawi yowolera mlandu imayambanso kuwerengedwa kuchokera tsiku limenelo.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi mlandu wa apolisi. Dalaivala amatengeredwa kukhoti la majisitireti, amapezeka wolakwa pa kuyendetsa mosasamala, amalipira faindi. Abale amabwerako akuti chilungamo chachitika. Koma faindiyo yalowa m'thumba la boma, wovulala sanaone ngakhale senti. Chipukuta misozi ndi mlandu wina, umene wovulalayo ayenera kuuyambitsa yekha. Ubwino wake ndi woti chigamulo cha mlandu woyamba uja chimaloledwa kukhala umboni pa wachiwiriwu. Choncho nambala ya mlandu ya kupolisi, dzina la wapolisi amene anajambula malo a ngozi, nambala ya galimoto ndi dzina la kampani ya inshuwalansi lolembedwa pa kapepala ka pagalasi, zonsezi zilembedwe m'kope tsiku lomwelo, pamodzi ndi mafoni a okwera awiri kapena atatu. Okwera kombi sadziwana. Akabalalika pasiteji, simudzawaonanso.

Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act, limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene ingawavulaze, ndipo zonyamula anthu zimayenera kukhalanso ndi yoteteza okwera. Wovulala ali ndi ufulu wosumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Koma kampani imalipira mpaka pamalire a pangano lake, amene amakhala otsika, ndipo zotsalazo umazifuna kwa mwini galimoto. Tsoka lalikulu lili kwa okwera timagalimoto tating'ono tonyamula anthu popanda chilolezo, timene amati mushikashika. Honda Fit yopangidwira anthu 5 imanyamula mpaka ena m'buti, ndipo inshuwalansi ya okwera ilibe. Ku South Africa kuli thumba la boma, Road Accident Fund, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996, limene ndalama zake zimachokera pa msonkho wa mafuta ndipo limalipira ovulala pamsewu ngakhale wolakwayo ali mmphawi. Ku Zimbabwe nkhani yokhala ndi thumba lotere yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri.

Makina a kuntchito

Wovulala pantchito khomo lake ndi lina. Bungwe la National Social Security Authority, limene anthu amangoti Nasa, limayendetsa ndondomeko ya chipukuta misozi cha antchito yokhazikitsidwa mu 1990. Ndalama zake amasonkha ndi mabwana okha, wantchito sadulidwa. Pano sipafunika kuonetsa kuti wina analakwa: makina akadya dzanja uli pantchito, ndondomekoyi imalipira chipatala, gawo la malipiro pamene ukuchira, ndi mkono wochita kupanga ngati ukufunika. Bwana ayenera kupereka lipoti la ngoziyo pasanathe masiku 14. Madokotala akayeza n'kupeza kuti kulumala kwapitirira 30 pa 100, munthu amalandira penshoni mwezi ndi mwezi. Kukachepera apo amalandira ndalama kamodzi. Bungweli lilinso ndi malo ophunzitsira ovulala kugwiritsanso ntchito ziwalo zawo ku Bulawayo.

Posinthana ndi zimenezi, wantchito sangasumire bwana wake mwachisawawa ngati mmene angasumire mlendo, kupatula njira yopapatiza yofunira ndalama zoonjezera pamene kusasamala kwa bwanayo kwaoneka poyera, monga kuchotsa chotchingira macheka kuti ntchito ifulumire. Koma ku Chitungwiza vuto lenileni ndi loti antchito ambiri sali m'kaundula. Mnyamata wodula matabwa pashedi ya munthu, wolipidwa madzulo aliwonse, Nasa siimudziwa. Antchito a m'nyumba nawonso ndondomekoyi siiwakhudza. Amenewa njira yawo ndi ija ya Aroma: kusumira mwini shedi ndi kuonetsa kusasamala kwake. Boma lili ndi ofesi yothandiza osauka pa milandu, Legal Aid Directorate, ndipo palinso mabungwe monga Legal Resources Foundation ndi Zimbabwe Lawyers for Human Rights. Kufunsa sikulipitsa.

Kwa zidzukulu za machona pali chopunthwitsa china. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri obadwira ku Zimbabwe ali opanda dziko, ndipo ngakhale malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, alipobe amene alibe chitupa kapena setifiketi ya kubadwa. Ufulu wosuma suyang'ana unzika. Koma kampani ya inshuwalansi, Nasa ndi banki onse amafuna chitupa asanatulutse ndalama. Ndi bwino kuyamba kuthamangira chitupacho mkono udakali m'chikhakha.

Mkono ndi ndalama zingati?

Gawo loyamba ndi losavuta, ndi masamu: malisiti a chipatala, a mankhwala, a X-ray, a mayendedwe opita kukaonana ndi dokotala, ndi ndalama zimene munthu akanapeza masiku amene anagona. Wapantchito yolembedwa amaonetsa pepala la malipiro. Mayi wa tomato uja alibe pepala lotero, koma mwina ali ndi kope la ngongole, mauthenga a EcoCash, kapena buku la chipereganyu limene limaonetsa zimene ankaponya sabata iliyonse. Zimenezo ndi umboni. Khoti silipereka ndalama zimene sizinatsimikizidwe, ndipo lisiti lotayidwa ndi ndalama yotayidwa. Kenako pamabwera za m'tsogolo: opaleshoni yochotsa chitsulo m'fupa, mafizo, ndi kuchepa kwa mphamvu yopezera ndalama. Apa lipoti la dokotala wa mafupa ndilo limalankhula. Mkono womwewo mtengo wake umasiyana: chala chouma sichimuletsa mlonda kugwira ntchito, koma telala chimamuchotsa pamakina.

Gawo lachiwiri ndilo lovuta: ululu, chipsera, ndi zokoma za moyo zimene zatayika. Pa mlandu wa Minister of Defence ndi Jackson mu 1990, khoti lalikulu kwambiri la apilo ku Zimbabwe, kudzera mwa woweruza Gubbay, linayala mfundo zimene zikutsatidwabe. Ndalamazi si chilango kwa wolakwa, ndi zongopepesa wovulala. Palibe sikelo yoyezera ululu, motero woweruza amayang'ana zimene makhoti anapereka pa milandu yofanana, n'kuganiziranso kugwa kwa mphamvu ya ndalama. Ndipo ululu wa wolemera ndi wa wosauka mtengo wake ndi umodzi. Makhoti a ku Zimbabwe saolowa manja pa gawo limeneli. Amene anaonera mafilimu a ku America n'kumayembekezera mamiliyoni amabwerako atakhumudwa.

Chimene ndimaona kuti anthu athu amadzimana nacho okha ndi manyazi. Woweruza akafunsa kuti moyo wasintha bwanji, munthu amayankha kuti "tikuyesetsabe, bwana", chifukwa tinaleredwa kuti kudandaula pagulu n'kupanda ulemu. Koma woweruza sangalembe zimene sanamve. Ayenera kumva kuti munthuyu tsopano amadya nsima ndi dzanja lamanzere, ndipo pamaliro amadyera kumbali kuopa maso a anthu. Kuti sangathe kuomba m'manja popereka moni kwa apongozi, m'dziko limene moni wake ndi wa m'manja. Kuti mwana wake wamkazi wazaka 12 ndiye amamumanga chitenje ndi kumupopera madzi pamjigo asanapite kusukulu. Kuti anali woimba ng'oma gule akatuluka, ndipo lero amangoimirira kumbuyo. Zimenezi si miseche ya pakhomo. M'chilankhulo cha khoti, ndizo zokoma za moyo zotayika, ndipo zili ndi mtengo.

Tsiku lowolera

Lamulo la Prescription Act limapereka zaka 3, kuwerengera pamene wovulala wadziwa amene anamulakwira ndi mmene zinachitikira, zimene pangozi ya pamsewu nthawi zambiri ndi tsiku la ngozi lomwelo. Ku Malawi nakonso malire a milandu ya kuvulala ndi zaka 3. Zimaoneka zambiri. Koma chaka choyamba chimathera kuchipatala, chachiwiri chimathera kudikira malonjezo a "bwerani mwezi wamawa", ndipo chachitatu chimathera kusonkha ndalama ya loya. Kalata yokumbutsa ngongole, ngakhale yolembedwa ndi loya, siimitsa wotchi. Imaima chisamani cha khoti chikaperekedwa m'manja mwa woimbidwa mlandu, kapena iye akavomera yekha kuti ali ndi ngongole.

Ndipo pali malire ena aafupi obisala mkati. Ufulu wosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji umatha pa zaka 2. Wofuna kusumira boma, kaya chifukwa cha galimoto ya asilikali kapena chikhakha chothina cha pachipatala cha boma, ayenera kuyamba wapereka chidziwitso cholembedwa n'kudikira masiku 60, malinga ndi State Liabilities Act. Wosumira apolisi, Police Act imamupatsa miyezi 8 yokha. Malire amenewa akhala akutsutsidwa m'makhoti kuti ndi opondereza, ndipo ine ndikugwirizana ndi otsutsawo, pakuti miyezi 8 mtsempha uja umakhala usanafike n'kuzala komwe. Komabe munthu wa mkono umodzi asadzipereke kukhala mbuzi yoyesera lamulo.

Ku Zimbabwe ngakhale chigamulo chimene chimawola. Amene anapambana milandu mu 2007 ndi 2008 analandira ndalama zimene pofika tsiku lolipidwa sizikanagula buledi. Mu February 2019 boma linalamula kuti ngongole zimene zinali m'madola a America zisanduke madola a RTGS, imodzi kwa imodzi, ndipo mu January 2020, pa mlandu wa Zambezi Gas ndi N.R. Barber, khoti lalikulu la apilo linati lamuloli likukhudzanso ngongole zochokera ku zigamulo za makhoti. Amene anali ndi chigamulo cha madola a America m'manja anangoona chikusungunuka. Mu April 2024 kunabweranso ndalama ina, ZiG. N'chifukwa chake loya wochenjera amasamala kwambiri za mtundu wa ndalama imene akulemba m'chisamani, ndipo akapambana sagona: amatumiza akapitawo a khoti kukalemba katundu wa wolakwayo kombi ija isanagulitsidwe kapena kulembetsedwa m'dzina la mlamu.

Pamene mwambi wathu uja umatsala pang'ono kukhala woona ndi pa ana. Nthawi siimuthera mwana asanakule: lamulo limamusungira mlandu mpaka patapita chaka chimodzi atakwanitsa zaka 18. Mtsikana amene anathyoka chigongono ali ndi zaka 9, makolo ake osachitapo kanthu, akhoza kukasuma yekha asanakwanitse zaka 19. Makolo sayenera kudikira zimenezo, akhoza kumusumira lero lomwe. Koma ngati alephera, amusungire khadi la kuchipatala, nambala ya kupolisi ndi kope lija la maina a mboni. X-ray ikhale mu envelopu yake, pamalo ouma, m'sutikesi ya zikalata pamwamba pa kabati, chifukwa ikagona pansi nyengo ya mvula chinyezi chimaimata, ndipo fupa lothyoka lija silionekanso.